Udzu, Madzi ndi Mchere: Mbiri ya Kadyetsedwe ka Akavalo Kumpoto kwa Pretoria

1. MAU OYAMBA

Munthu akachoka pakati pa mzinda wa Pretoria n'kudutsa pampata wa mapiri a Magaliesberg kuloŵera kumpoto, amatsikira m'dera lotentherapo m'mene muli Wonderboom, Sinoville ndi Montana. Kale ku Montana kunali timinda ta m'mbali mwa mzinda, ndipo mabanja ankasungamo nkhuku, ng'ombe zoŵerengeka ndi akavalo. Masiku ano nyumba ndi masitolo zadya gawo lalikulu la timindato, komabe wopitirira pang'ono kumpoto amapezabe makola a akavalo ndi magalimoto osenza mitolo ya udzu. Makilomita oŵerengeka chakumadzulo kuli Onderstepoort, malo amene kwa zaka zoposa 100 akhala likulu la kafukufuku wa matenda a ziŵeto kumwera kwa Africa.

Zimene kavalo amafuna kuti akhale ndi moyo ndi zoŵerengeka: udzu wambiri, madzi abwino, mchere pamodzi ndi michere ina yomanga mafupa, ndiponso chakudya cha njere pang'ono ngati akugwira ntchito yolemetsa. Zonsezi zingathe kulembedwa patsamba limodzi. Komatu tsamba limenelo linagulidwa ndi miyoyo ya akavalo zikwi mazanamazana, ndipo mbali yaikulu ya mtengowo inalipiridwa m'dera lomwe lino. M'pepala lino tifuna kuonetsa kuti nthaŵi iriyonse pamene anthu anachotsa kavalo pamsipu, kaya chifukwa cha matenda, nkhondo kapena kukula kwa mizinda, anakakamizika kuphunzira mwa imfa za ziŵeto zawo zimene msipuwo unali kupereka. Pomaliza tifotokoza chifukwa chake nkhani yotere iri yoyenera pamsonkhano wa zinenero za mu Africa.

2. MAINA A NYAMAYI NDI NJIRA ZIMENE INADZERA

Maina amene Chicheŵa chiri nawo a nyamayi amasonyeza okha kuti ndi mlendo. Liwu lakuti kavalo linachokera ku Chipwitikizi, m'mene amati cavalo, monganso bulu anachokera ku burro. Mau aŵiri onseŵa anakwera ndi mtsinje wa Zambezi kudzera ku Sena ndi ku Tete. Liwu lakuti hatchi likufanana ndi ihhashi wa m'Chizulu, ndipo limatikumbutsa njira ya kumwera imene makolo athu ankayenda popita ku migodi ya ku Joni. M'zinenero za kuno ku Pretoria namonso muli mbiri yofanana. A Sepedi amati pere, kuchokera ku perd wa m'Chibunu, pamene a Setswana amati pitse, dzina limene poyamba linali la mbidzi. Amene anapatsa kavalo dzina la mbidzi anaona bwino, pakuti nyama ziŵirizi n'zapachibale ndipo zimagaya chakudya mofanana.

Kufika kwa akavalo m'chigwa cha Zambezi kunali kwa tsoka. Francisco Barreto ananyamuka ku Lisbon m'chaka cha 1569 ndi gulu la nkhondo lofuna kulanda migodi ya golide ya Mwenemutapa, nafika ku Sena kumapeto kwa 1571. Kumeneko akavalo ake anayamba kufa motsatizana. Wansembe Francisco Monclaro, amene anali nawo paulendowo nalemba mbiri yake, anali mmodzi wa okhulupirira kuti amalonda Achisilamu a ku Sena ndiwo anali kuthira ziŵetozo chiphe, ndipo amalondawo anaphedwa mwankhanza. Lero akatswiri amaloza chala kashembe ndi nthenda ya akavalo yofalitsidwa ndi tizirombo touluka. Apa tikuona koyamba chinthu chimene chidzabwerezedwa m'mbiri yonseyi: kavalo akafa, anthu amathamangira kukayikira chimene wadya, ndipo nthaŵi zina amalondola, nthaŵi zina amaphonya koopsa.

Chifukwa cha matenda omwewo, akavalo sanachuluke konse m'dziko limene linadzatchedwa Nyasaland. Ntchito imene kwina inkagwiridwa ndi kavalo, kwathu inagwa pamapewa ndi pamitu ya anthu: azungu ankanyamulidwa pamachira, ndipo katundu ankasenzedwa ndi atengatenga. N'chifukwa chake Chicheŵa chiri ndi mau ambiri a ng'ombe ndi mbuzi koma oŵerengeka okha a kasamalidwe ka kavalo.

3. THUPI LA KAVALO NDI ZOFUNA ZAKE

Kuti timvetse mbiri yotsatirayi tiyenera kuyamba tadziŵa m'mene kavalo amasiyanirana ndi ng'ombe. Ng'ombe iri ndi chifu cha zigawo zinayi chotha kusunga malita oposa 100. Imadya mofulumira, kenaka n'kugona pansi kubzikula. Kavalo sabzikula. Chifu chake n'chimodzi ndipo n'chaching'ono, cha malita 8 mpaka 15, chosadzaza ngakhale chidebe chotungira madzi. Udzu umagayidwa kumapeto kwa matumbo, m'matumba aakulu m'mene muli tizirombo tosaoneka ndi maso timene timauphwanya n'kuusandutsa mphamvu. Choncho kavalo analengedwa kuti azidya pang'onopang'ono koma mosalekeza. Akakhala pamsipu amadya maola okwana mpaka 16 pa usana ndi usiku. Chifu chake chimatulutsa asidi nthaŵi zonse, pamene malovu oziziritsa asidiyo amatuluka pokhapokha akamatafuna, kotero kuti kavalo wokhala maola ambiri osadya amachita zironda za m'chifu.

Kavalo wamkulu amafuna chakudya chouma cholemera pafupifupi magawo 2 pa 100 alionse a kulemera kwa thupi lake tsiku lirilonse. Ndiye kuti kavalo wa makilogalamu 500 amafuna makilogalamu 10, ndipo gawo lalikulu la chakudyacho liyenera kukhala udzu. Madzi amamwa malita 25 mpaka 50 patsiku, ndipo kukatentha kapena akathamanga amapyola pamenepo. Thukuta lake limataya mchere wambiri, motero ayenera kukhala ndi mchere wonyambita pafupi.

Chakudya cha njere, monga chimanga ndi oats, chimapatsa mphamvu msanga koma chiri ndi ngozi yake. Chikachuluka pakudya kumodzi, china chimapyola osagayika n'kukafika m'matumba a kumapeto aja, m'mene chimasasa n'kupha tizirombo togaya udzu. Zotsatira zake ndi kupotokola kwa m'mimba, kapena kutupa kwa m'kati mwa ziboda kumene kumapundula kavalo. Popeza kavalo sangathe kusanza, chimene wameza chimayenda njira yonse. Pachifukwa chomwecho chakudya chatsopano chiyenera kuloŵetsedwa pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena ziŵiri, kuti tizirombo ta m'matumbo tizoloŵere. Zimene tatchulazi lero ziri m'mabuku onse a zaulimi, koma sizinali zodziŵika chotere pamene akavalo oyamba anafika kuno.

4. MAME, KHOLA NDI MSIKA WA UDZU

Akavalo oyamba anafika ku Cape m'chaka cha 1653 kuchokera ku Java. M'chaka cha 1719 mliri wa nthenda ya akavalo unapha ziŵeto pafupifupi 1,700 kumeneko, ndipo mliri wa 1854 ndi 1855 unapha pafupifupi 70,000. Mabunu amene anasamukira kumpoto m'zaka za m'ma 1830 anabwera ndi akavalo awo m'dziko limene nthendayi inali ya chaka ndi chaka. Pretoria anakhazikitsidwa m'chaka cha 1855 m'mbali mwa mtsinje wa Apies, ndipo madambo a mtsinjewu, makamaka kumpoto kwa mapiri kumene chisanu chimachedwa kugwa, anali malo oopsa kwa kavalo kuyambira Febuluwale mpaka kuyamba kwa nyengo yozizira.

Alimi ambiri ankakhulupirira kuti nthendayi iri m'mame kapena m'nkhungu ya usiku. Motero ankatsekera akavalo m'khola dzuŵa lisanaloŵe, osawatulutsa kufikira mame atauma, ndipo ena ankawatumiza kumapiri mpaka chisanu chitagwa. Chikhulupirirocho chinali cholakwika, koma mchitidwewo unkapulumutsadi ziŵeto. Chifukwa chake chinadziŵika m'chaka cha 1944, pamene R. M. du Toit wa ku Onderstepoort anaonetsa kuti nthendayi imafalitsidwa ndi tintchentche tating'onoting'ono totchedwa Culicoides, timene timaluma kwambiri madzulo ndi m'bandakucha.

Koma walira mvula walira matope. Kavalo wotsekeredwa amataya maola ambiri akudya m'nyengo yomwe msipu uli wabwino koposa, ndipo chisanu chikagwa, iye n'kumasulidwa, amapeza udzu wa kumtunda utauma n'kutha mphamvu. Mwini wake anayenera kumdulira chakudya, kumsungira, kapena kumgulira. Umu ndi m'mene udzu unasandukira malonda. Alimi a m'zigwa zothirira za m'mphepete mwa Magaliesberg ankalima oats, n'kumudula asanakhwime, n'kumumanga m'mitolo imene ngolo zinkatutira kumsika wa ku Pretoria.

Golide atapezeka ku Witwatersrand m'chaka cha 1886, msikawu unakula kwambiri. Kuyambira 1891 anthu a mu Johannesburg ankayenda pangolo za panjanji zokokedwa ndi akavalo. Wolemba mbiri Charles van Onselen, m'mabuku ake a 1982 onena za moyo wa pa Witwatersrand, anaonetsa kuti boma la Paul Kruger linaumirira kuti ngolozo zizikokedwa ndi ziŵeto pofuna kusungira alimi Achibunu msika wa udzu ndi chimanga. Ngolo zoyendera magetsi zinayamba m'chaka cha 1906, bomalo litagwa kale. Mliri wa ng'ombe wa rinderpest, umene unadutsa kumpoto kwa Nyanja ya Malaŵi mu 1892 n'kufika ku Transvaal mu 1896, unapha ng'ombe zokoka ngolo koma sunakhudze akavalo, nyulu ndi abulu, ndipo kufunika kwa chakudya chawo kunakwera koposa kale.

5. NKHONDO YA 1899 MPAKA 1902

Phunziro loŵaŵa kwambiri linadza ndi nkhondo ya pakati pa Angerezi ndi Mabunu. Angerezi anagula akavalo ku Argentina, ku United States, ku Canada, ku Australia, ku Hungary ndi kwina, n'kuwaolotsa nyanja kwa masabata angapo ataimirira m'zipinda zothina. Ambiri ankatumizidwa kunkhondo asanapume ndiponso matumbo awo asanazoloŵere chakudya chachilendo. Kavalo amene anakulira pamsipu wa ku Argentina ankapatsidwa njere zimene sanazionepo, ndipo wokulira m'khola ku England ankayembekezeka kudzipezera udzu m'tchire louma atasenza katundu woposa makilogalamu 100.

Tikagwiritsa ntchito chiŵerengero chathu chija, akavalo 1,000 amafuna matani 10 a chakudya tsiku lirilonse, osaŵerengera madzi. Njanji imodzi yochokera kugombe sikanatha kusenza zonsezo pamodzi ndi zida ndi chakudya cha asilikali. Mabunu pobwerera m'mbuyo ankatentha tchire kuti adani asoŵe msipu, ndipo Angerezi nawo anadzatentha mafamu pamodzi ndi nkhokwe zake. Asilikali a pakavalo a John French anafika ku Kimberley pa 15 Febuluwale 1900 atasiya mitembo ya akavalo m'njira monse. Pamene Pretoria anagwa pa 5 Juni 1900, ndiponso pankhondo ya ku Diamond Hill, kum'maŵa kwa mzindawu, pa 11 ndi 12 Juni, magulu a pakavalo anali atachepa kwambiri chifukwa chosoŵa ziŵeto zotha kuyenda. Pankhondo yonseyi Angerezi anataya akavalo oposa 300,000. Frederick Smith, dokotala wa ziŵeto wa m'gulu la nkhondolo, analemba mbiri ya zimenezi, ndipo mlandu waukulu anauika panjala, ntchito yopyola muyeso ndi kusasamala kwa atsogoleri. Chipilala chokumbukira akavaloŵa, chimene chinatsegulidwa ku Port Elizabeth mu 1905, chimasonyeza msilikali atagwada, akumwetsa kavalo madzi a m'ndowa.

Akavalo amene anapirira anali aang'ono obadwira m'dziko lomweli, a Mabunu ndi a ku Lesotho, amene Angerezi anadzagula ochuluka. Iwoŵa anali ozoloŵera udzu wa kuno, ndipo ankadziŵa kupeŵa zomera zakupha monga tulp, zimene kaŵirikaŵiri zimadyedwa ndi ziŵeto zachilendo kapena zanjala. Panalinso chifukwa china chimene mabuku akale satchula kwenikweni. Magulu a Mabunu ankayenda ndi antchito akuda zikwi zingapo otchedwa agterryers, kutanthauza okwera pambuyo, amene ntchito yawo inali kudyetsa, kumwetsa ndi kulondera akavalo. Angerezi nawonso analemba anthu akuda ambiri oyendetsa ngolo ndi osamala ziŵeto. Anthu ameneŵa ndiwo ankadziŵa dambo loyenera kudyetsako ndi chitsime choyenera kupeŵa, koma nzeru zawo sizinalembedwe m'zinenero zawo, ndipo zambiri zinapita nawo kumanda.

Nkhondo itatha, boma latsopano la Transvaal linalemba ntchito katswiri wa zomera Joseph Burtt Davy mu 1903. Iye anayesa mitundu yambiri ya udzu ku Pretoria, nalimbikitsa alimi kudzala teff, mbeu ya ku Ethiopia imene kwawoko amapangira chakudya cha anthu. Mpaka lero udzu wofutsa wa teff, wa Eragrostis curvula ndi wa lucerne ndiwo umadyetsedwa kwambiri m'makola a ku Gauteng. Burtt Davy yemweyo ndiye anadzakonza, pamodzi ndi A. C. Hoyle, mndandanda wa mitengo ya ku Nyasaland wa 1936.

6. ONDERSTEPOORT NDI NJALA YOBISIKA

Arnold Theiler, dokotala wa ziŵeto wobadwira ku Switzerland mu 1867, anafika ku Pretoria mu 1891. Atasoŵa omlemba ntchito ya udokotala, anakagwira ntchito pafamu ya A. H. Nellmapius ku Irene, kumene makina odulira chakudya cha ziŵeto anamdula dzanja lamanzere. Mliri wa rinderpest ndiwo unachititsa boma kumzindikira. Anayamba kafukufuku wake ku Daspoort mu 1898, nasamukira ku Onderstepoort mu 1908, ndipo mu 1920 pamalo pomwepo panatsegulidwa sukulu ya madokotala a ziŵeto imene lero iri pansi pa University of Pretoria.

Ntchito ya Theiler yokhudza chakudya inayambira pang'ombe. Pafamu ya Armoedsvlakte pafupi ndi Vryburg, iye ndi anzake anapeza, pofika 1920, gwero la nthenda yopuwalitsa yotchedwa lamsiekte. Nthaka ya kumeneko njosoŵa fosiforasi, motero udzu nawonso ngosoŵa. Ng'ombe zimayamba kukukuta mafupa a nyama zakufa pofuna mcherewo, ndipo m'mafupa oolawo mumakhala poizoni wa tizirombo. Mankhwala ake anali kuzipatsa ufa wa mafupa oyeretsedwa. Apa panaoneka poyera kuti chiŵeto chikhoza kukhuta koma chiri ndi njala ya chinthu chimodzi chosaoneka ndi maso.

Kwa akavalo vutoli limabwera mozondoka. Mafupa amafuna kashiamu ndi fosiforasi pamlingo woyenera, pafupifupi magawo aŵiri a kashiamu pa gawo limodzi la fosiforasi. Fosiforasi akapambana, thupi limayamba kusungunula mafupa ake omwe kuti lipeze kashiamu. Kavalo amayamba kutsimphina mwendo uno lero, uja maŵa. Mano amagwedezeka, ndipo mafupa a kumaso amatupa mpaka mutu kuoneka waukulu. Ku Ulaya nthendayi ankaitcha ya gaga, chifukwa inkagwira akavalo a eni zigayo amene ankadyetsedwa gaga wa tirigu wochuluka. Theiler anathera zaka zake zomaliza, kufikira imfa yake ku London mu 1936, akuphunzira matenda a mafupa a mtundu umenewu. Chenjezo lake likutikhudza ife mwachindunji, pakuti chimanga ndi gaga wake nazonso ziri ndi fosiforasi wambiri ndi kashiamu wochepa, ndipo gaga ndiye chakudya choyamba chimene Mmalaŵi aliyense amaganiza kupatsa chiŵeto.

Pali njira inanso yodzera nthenda yomweyi. Udzu wa kikuyu, wochokera kumapiri a ku Kenya, wadzalidwa m'mabwalo ndi m'mipanda ya akavalo yambiri ya ku Gauteng chifukwa umabiriŵira ndipo umapirira kupondedwa. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Udzuwu uli ndi oxalate, chinthu chimene chimamanga kashiamu kuti asaloŵe m'magazi. Ng'ombe sizivutika kwambiri, popeza tizirombo ta m'chifu mwawo timaphwanya oxalate chakudya chisanafike m'matumbo. Mwa kavalo tizirombo tiri kumapeto, kashiamu atadutsa kale pamalo poyamwira. Zimenezi zinafotokozedwa bwino ndi ofufuza a ku Queensland m'zaka za m'ma 1970. Chotetezera ndicho kuonjezera lucerne kapena zomera zina za mtundu wa nyemba, ndiponso laimu wa ziŵeto.

Theiler ndi omtsatira anafufuzanso zomera zakupha. Anapeza kuti nthenda yoondetsa yotchedwa dunsiekte imadza ndi zitsamba za Senecio zimene zimaononga chiŵindi, ndipo yopumitsa ŵefuŵefu yotchedwa jaagsiekte imadza ndi Crotalaria dura. D. G. Steyn anasonkhanitsa zambiri za nkhaniyi m'buku lake la 1934. Kavalo wokhuta amazilambalala zitsambazi. Amazidya pamene msipu watha, kapena zikadulidwira pamodzi ndi udzu wofutsa, pakuti Senecio ngakhale auma sataya ululu wake.

7. CHIMANGA CHA CHUKU

Phunziro lomaliza likukhudza nkhokwe ya munthu aliyense wolima chimanga. Kuyambira kale alimi a m'maiko osiyanasiyana ankaona akavalo akuchita ngati amisala: kuzungulirazungulira, kukankha khoma ndi mutu, kuchita khungu, kenaka kufa m'masiku oŵerengeka. Akawang'amba ankapeza mbali ina ya ubongo itasungunuka. M'chaka cha 1971 ofufuza amene anaona abulu akufa motere ku Egypt anaonetsa kuti gwero lake ndi chuku cha m'chimanga cha mtundu wa Fusarium. Ku Onderstepoort, T. S. Kellerman, W. F. O. Marasas ndi anzawo anaitsata nkhaniyi kwa zaka zambiri. Mu 1988 akatswiri a ku South Africa anapatula poizoni wake namutcha fumonisin, ndipo pofika 1990 zinatsimikizika kuti kavalo wodyetsedwa poizoniyu amadwaladi nthenda ija.

Mwa ziŵeto zonse, kavalo ndi bulu ndiwo amagwa msanga ndi fumonisin. Chizoloŵezi chathu chosankha chimanga chabwino n'kutayira ziŵeto choola ndi mphumphu za pansi pa nkhokwe chikhoza kupha bulu amene banja lonse limadalira potuta madzi, njerwa ndi zokolola. Pali ngozi inanso ya masiku ano: zakudya zina zogula za ng'ombe ndi nkhuku zimakhala ndi mankhwala otchedwa monensin, amene ngakhale pang'ono pokha amaononga mtima wa kavalo. Thumba lolembedwa kuti ndi la ng'ombe lisafike m'khola la akavalo.

8. MAU OMALIZA

Tikaiunika mbiri yonseyi tikupeza mfundo imodzi. Nthenda ya akavalo inatsekera kavalo m'khola. Mizinda ndi nkhondo zinamdyetsa njere. Ndipo mpanda wothina wa masiku ano wamsiya ndi udzu wa mtundu umodzi. Posintha paliponse panatayika china chimene msipu wa thengo unkapereka, ndipo chinadziŵika ziŵeto zitafa. Mwini kavalo wa pakamunda ka kumpoto kwa Montana ali pavuto lomwelo lero: malo ngochepa, mvula imagwa kuyambira Okutobala mpaka Malichi, ndipo kwa miyezi yotsalayo chirichonse chimene kavalo adya chimadzera m'manja mwa munthu.

Manja amenewo kaŵirikaŵiri si a mwini kavalo. Osamala akavalo m'makola a ku Gauteng amalankhula Sepedi, Setswana, Chizulu, Chishona, ndipo ena Chicheŵa. Iwo ndiwo amayeza chakudya m'maŵa, ndiwo amayamba kuona kuti ndowa ya madzi sinatsike, kuti ndowe zauma, kapena kuti thumba latsopano likununkha chuku. Koma malangizo a pathumba ndi a dokotala amalembedwa m'Chingerezi ndi m'Chibunu. Kwathu nakonso, m'maboma monga Dedza, Lilongwe ndi Mchinji, muli abulu okoka ngolo amene eni ake alibe choŵerenga m'chinenero chawo, ngakhale kuti bulu ali ndi zofuna zakezake: amakhutira ndi mapesi ndi udzu wosanona kuposa kavalo, koma chuku ndi ludzu zimamupha chimodzimodzi.

Chicheŵa sichikusoŵa mau oyambira ntchitoyi. Tiri ndi msipu, mapesi, gaga, madeya, kufutsa, kubzikula, chifu, ziboda ndi chuku, ndipo m'pepala lino taona kuti mau ameneŵa akhoza kusenza nkhani yonse popanda kupunduka. Pamene tabwereka, monga kashiamu ndi fosiforasi, tabwereka zimene zinenero zina nazonso zinabwereka. Choncho tikupempha bungwe lathu zinthu ziŵiri. Choyamba, ofufuza a zinenero apite kumakola ndi kumalo oimikapo ngolo, akalembe mau ndi nzeru za anthu odyetsa ziŵetozi iwo akali moyo, kuti zisatayike monga zinatayikira za okwera pambuyo a nkhondo ya 1899. Chachiŵiri, tigwirizane ndi madokotala ndi alangizi a ziŵeto pokonza timabuku tachidule m'Chicheŵa, m'Sepedi, m'Setswana ndi m'Chishona, tofotokoza mlingo wa udzu ndi madzi, kuopsa kwa gaga wochuluka ndi chimanga cha chuku, ndi zizindikiro zoyenera kuitanira dokotala. Kabuku kotere kangakhale ka masamba oŵerengeka okha, ndipo kayenera kukhala m'chinenero cha munthu amene amanyamula ndowa.